Tsiku Lomwe Tinakatenga Achimwene pa Kamsewu ka ku Woodford

Kumpoto kwa Ilford, ku London, pamene msewu waukulu wa M11 umathera, pali kamsewu kakafupi kamene kamakhota n'kukakuthira mu msewu wina waukulu, North Circular. Kalibe nyumba m'mbali, kalibe sitolo, kalibe poimika galimoto. Ukalowapo, usanamalize n'kuyasamula komwe, watulukapo kale. Achimwene anga a Laisoni anafera pamenepo m'mawa wina kukugwa mvula, akuchokera kuntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Harlow. Galimoto inaterereka n'kukamenya chitsulo cha m'mbali. Apolisi anatiuza kuti sanamve ululu. Anadziwa bwanji, ine sindikudziwa.

Ine ndine Enoki, chitsirizira m'mimba mwa amayi athu. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo a Laisoni ndi amene ananditumizira tikiti kuti ndidzitsuka magalimoto ku Tottenham kusiyana n'kumangoyambana ndi anthu pa depoti ya Ntcheu. Mtima wanga ndi wapachala. Ndanena poyambirira kuti musadabwe kutsogoloku.

Thupi linali ku Tottenham, kwa anthu amene amakonza maliro opita kwawo pa ndege. Anatiuza kuti Lachinayi faifi koloko madzulo adzatseka bokosi, kutseka kwake kowotcherera chitsulo, chifukwa m'mawa mwake likupita ku eyapoti. Likatsekedwa latsekedwa, palibe kutsegulanso.

Tsono kwathu munthu akafera panjira simungonyamula thupi n'kumapita. Mwinimbumba amapita pamalo pamene munthuyo wagwera, amasesapo ndi kanthambi, amamuitana dzina, n'kumutenga kupita naye pamene pali thupi. Kanthambiko kamalowa m'bokosi. Mukapanda kutero mwakwirira chikopa chabe, mwiniwake watsala pamsewu. Kaya ndinkakhulupirira kaya ayi, musandifunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi anandiimbira foni, mawu atasasa ndi kulira, n'kunena kuti, "Enoki, usandibweretsere theka la mwana wanga." Basi, anatumiza alongo awo, a malume athu. Masiku amenewo Amalawi tinkalowa kuno opanda viza, koma tikiti inapezeka mochedwa, moti ndege yawo inkatera Lachinayi lomwelo m'mawa.

Ndinabwereka galimoto kwa a Phiri, mkulu wa mpingo wa alamu anga, mkazi wa a Laisoni. Inali yakalekale, yofiira mofuwira, chitseko chakumbuyo chosatseguka ukakhala mkati. Pondipatsa kiyi anandigwira dzanja.

"Imeneyi imadana ndi trafiki, mwana wanga. Singano ya kutentha kwa injini ikakwera, yatsa hita. Komanso iweyo, singano yako ikakwera..."

"Ndamva, bambo."

"Sunamve. Koma pita."

Ndinanyamuka ku Ilford kukuyera, ndinafika ku Heathrow bwinobwino, ndege itatera kale. Ndiye kudikira kunayambika. Anatuluka azungu, anatuluka amwenye, anatuluka Akenya ndi mabokosi awo, a malume osaoneka. Chaka chimenecho mu London munali mantha a mabomba, aliyense wonyamula chikwama ankamuyang'ana kawiri. Ndinamwa tiyi wodula ngati wathiridwa golide. Ndinayenda uku ndi uku mpaka mlonda wina anayamba kunditsata ndi maso. Ndinatsala pang'ono kumufunsa ngati ndamudyera kanthu, koma ndinakumbukira kuti akanditsekera lero, bokosi litsekedwa popanda ife.

Anatulukira cha m'ma leveni, atavala jekete lawo lakuda la kutchalitchi ndi chipewa chaubweya chimene wina anawabwereka. Anali atachepa thupi kusiyana ndi mmene ndinawasiyira. Ndinagwada pang'ono powapatsa moni, iwo anandigwira mutu. Sitinalire. Kumbuyo kwawo kunali mayi wina wonenepa akukankha ngolo yodzaza zikwama zamizeremizere.

"Awa ndi amayi a ku Zomba," anatero a malume. "Tinakhala mpando umodzi. Atiperekeza bwino, amandimasulirira zonse. Mwana wawo wakanika kubwera, ali pa ntchito. Ndawauza kuti tiwatula panjira."

"Panjira pake pati, malume?"

"Mu London momwemu."

"Ku Harlesden, mwana wanga," anatero mayiwo. "Akuti si patali."

Ndinamva kutentha m'makutu. "Malume, kuno si ku Ntcheu koti munthu umangoti nditsika pa mtengo wa mango. Tili ndi nthawi yochepa. Bokosi akutseka faifi!"

A malume anandiyang'ana osaphethira. "Ndiye tikatenge m'bale wako titasiya mlendo pamsewu? Akatiyankha kuti chiyani?"

Zikwama ndinazilonga ndekha, mozikankha ndi bondo. Galimoto yonse inanunkha usipa ndi matemba.

Tinatuluka pa M4, tinakhota pa Chiswick n'kulowa North Circular. Kwa amene simukuudziwa, umenewu ndi msewu wozungulira kumpoto kwa London, pena wotakasuka, pena wopanikizika pakati pa nyumba za anthu ngati mpita wa mbewa. Ku Ealing tinkayenda ngati tikuperekeza mkwatibwi. Pa Hanger Lane, pamene misewu imakumana ngati matumbo a nkhuku, vani ina inandilowerera kutsogolo popanda indiketa. Ndinaliza hutala, ndinatsitsa windo, ndinamuuza mwiniwakeyo mawu amene sindingalembe pano, ena a Chingerezi, ena a kwathu. Amayi a ku Zomba anati, "Yesu wanga." Dzanja lamanja la a malume linali pachifuwa, mkati mwa jekete, ngati munthu womva chibayo.

"Mukudwala, malume?"

Anatsegula jekete pang'ono. M'thumba lamkati munali kanthambi ka msolo, kokulunga m'mpango woyera, masamba atayamba kufota.

"Pa eyapoti anandivundukula chikwama chonse," anatero. "Nsapato, masokosi, mpaka Baibulo analikutumula. Koma pachifuwa sanafikepo. Anathyola mayi ako ndi manja awo, kuseri kwa nyumba."

Sindinatukwanenso mpaka ku Harlesden.

Kumeneko tinataya nthawi yambiri. Nyumba zonse zofanana, msewu umene ankatchula mayiwo unalipo uwiri, wina Road wina Gardens. Tinagogoda pakhomo lolakwika, anatsegula mnyamata wa ku Jamaica atavala thaulo. Titaipeza nyumba yeniyeni, mayiwo anakakamira kuti tilowe timweko madzi. Ndinakana. Anatulutsa mtedza m'chikwama n'kuwathirira a malume m'manja, kenako anasuzumira pa windo langa.

"Pepa, mwana wanga. Ndamva zonse mu ndege. Uyende bwino ndi akuluwa. Ndipo pakamwapo uchepetse."

Tinabwerera mu North Circular wani koloko itadutsa. Neasden, Staples Corner, Finchley, tinayenda ndithu. Pa Bounds Green zonse zinaima. Pamenepo msewu unkapanikizika, magalimoto a mizere itatu kulimbirana kulowa m'mizere iwiri. Singano inayamba kukwera. Ndinayatsa hita mpaka kumapeto monga anandiuzira a Phiri, moti tinkaphikika ngati mbatata, mawindo onse pululu, kunja kukuwaza kamvula. Sizinathandize. Nthunzi inayamba kutuluka m'boneti. Ndinakwera pa pevumenti pafupi ndi kashopu ka Mturuki wina, ndinagula madzi a m'botolo, n'kuima pamenepo kudikira kuti injini izizire. Ndinamenya tayala ndi phazi mpaka chala chinachita dzanzi.

A malume anatsika, anayang'ana magalimoto ataima mpaka kumene maso amalekeza.

"Onsewa akupita kumaliro?"

"Ayi, malume. Ndi mmene kumakhalira."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

Anapukusa mutu. "Ndiye Laisoni ankalemba kuti kuno zinthu n'zachangu."

Tinadutsa Edmonton, tinadutsa Walthamstow, tinafika ku Ilford thuu koloko itapitirira. Kumeneko kunali alamu anga, amake Tadala, mkazi wa a Laisoni. Iwo ndi nesi, munthu wopemphera kwambiri, ndipo za kanthambizi sankagwirizana nazo. Anali atanena poyera kuti mwamuna wawo ali m'manja mwa Ambuye, sali pa msewu uliwonse. Koma malo enieni ankawadziwa ndi iwo okha, chifukwa apolisi anawadutsitsapo n'kuwalozera. Chiyambire tsiku limenelo anali asanapondekonso.

Tinawapeza atakhala pansi, pa matiresi, m'chipinda chochezera, azimayi a mpingo atawazungulira. A malume anakhala pansi pakhomo, anapepesa maliro mwa mwambo wake, mosathamanga, ine ndikuyang'ana wotchi. Atamaliza anati, "Amake Tadala, sindinabwere kudzatsutsana ndi pemphero lanu. Inenso ndine wa mpingo. Ndangotumidwa ndi mayi wake. Tilozereni pokha, zinazo n'zanga."

Alamu anamanga duku lawo lakuda, anavala khoti, n'kutuluka.

Apa mpamene ndiyenera kufotokoza mmene kamsewu kaja kalili, chifukwa ndi kamene kanatizunza. Kamayenda mbali imodzi yokha, kuchokera kumpoto kutsikira ku Ilford. Kuti ukalowe, uyenera kukhala ukuchokera pa M11. Ndiye ife ochokera ku Ilford tinayenera kukwera North Circular kuchokera pa raundabauti ya Redbridge, kulowa M11 yopita kumpoto, kuyenda mpaka ku Loughton kumene kuli potulukira poyamba, kutembenuka, n'kubwereranso. Ulendo wonsewo kuti udutse pa kamsewu kamene kamatha usanameze malovu. Ukaphonya, kamakutayanso ku Redbridge, uyambirenso.

Ulendo woyamba ndinawauza alamu kuti, "Tikafika munene msanga." Anagwedeza mutu. Tinatembenuka ku Loughton, tinatsika, zikwangwani zabuluu zinayamba kugawa msewu, uku North Circular ya kumadzulo, uku ya kumwera. Ndinalowa ya kumwera. Msewu unakwera, unakhota, chitsulo cha m'mbali chikuthamanga pa windo. Ndinadikira mawu. Kunalibe. Pamene ndinkayang'ana pagalasi n'kuti tatsika kale, ndipo alamu anali atatsinzina, manja atatseka kumaso.

"Alamu! Tadutsa! Mwatani kodi?"

"Sindinathe."

"Simunathe? Nanga tabwerera chiyani? Mukudziwa kuti nthawi ili bwanji? Kungotsegula maso basi, n'chovuta chimenecho?"

"Enoki, please."

"Please wa chiyani? Ngati simukufuna munene, osati kutiyendetsa ngati zitsiru!"

"Iwe." Anali a malume. Sanakweze mawu. "Ameneyo ndi mkazi wa mkulu wako. Iwe wataya m'bale, iyeyu wataya nyumba yonse. Tseka pakamwa, yendetsa galimoto."

Pa Redbridge maloboti anatigwira onse. Raundabauti imeneyo ndi yaikulu, pamwamba pake pakudutsa msewu, pambali pali siteshoni ya sitima, ndipo ana asukulu anali atayamba kuweruka. Tinazungulira, tinakweranso, M11, minda yobiriwira, Loughton, kutembenuka. Singano inali pakati, ikunjenjemera.

Ulendo wachiwiri alamu anagwira mpando wanga ndi manja onse awiri. Ndinkamva mpweya wawo pakhosi panga. Titangoyamba kukhota anakuwa, "Apa! Apa, pachitsulo chatsopanocho!" Ndinachiona. Chigawo chimodzi cha chitsulo chinali chowala kusiyana ndi zinzake. Ndinaponda buleki, koma pagalasi panadzaza mphuno ya lole, nyali zikuthwanima, hutala ngati ya sitima. Ndikanaima, bwenzi mabokosi atakhala anayi. Ndinapondanso mafuta.

"Ima, Enoki," anatero a malume. "Bwanji sukuima?"

"Pano saima, malume! Ndi motorway!"

"Saima ngakhale pa maliro?"

"Ngakhale pa maliro."

"Kwathu galimoto zimapatuka zikaona masamba pamsewu."

"Kuno sakudziwani, malume. Sakundidziwa ine, sankawadziwa a Laisoni. Akhoza kutiponda tonse n'kukafika kwawo nthawi ya tiyi."

Pa Redbridge alamu anaimbira foni a Phiri, amene anali kale ku Tottenham. Ndinamva akuti, "Auzeni atidikire pang'ono, tili m'njira." A Phiri anati anthuwo akana, wowotcherera bokosi amaweruka nthawi yake, mwina angawonjezere pang'ono chabe. Inali itadutsa hafu pasiti fili.

"Tibwererenso kamodzi," ndinatero. "Ulendo uno ndiima, zivute zitani."

"Enoki, palibe malo okwanira opatukirapo, hard shoulder, pamene paja," anatero alamu. "Ndaona anthu obwera ku chipatala atagundidwa choncho. Tadala wataya bambo ake kale."

"Ndiye mutsike pano."

Sanatsike.

Ulendo wachitatu ndinayamba kuchepetsa liwiro tikadali kutali, mahazadi akuphethira, amene anali kumbuyo akundidutsa mokwiya. Titafika pa chitsulo chowala ndinakanikiza galimoto kumanzere mpaka galasi linakhudza. Ndinaima. Galimoto yonse inkagwedezeka lole iliyonse ikamadutsa. A malume anatsegula chitseko pang'ono, anadzipanikiza n'kutuluka, ine ndinatulukira mbali yomweyo podumpha giya. Mphepo inawachotsa chipewa, chinapita.

Anaima atagwira chitsulo. Anayang'ana phula. Panalibe kanthu, magazi ayi, galasi ayi, mvula inali itatsuka zonse. Anapisa dzanja m'jekete, ndipo ndinati basi, zitheka. Koma anasuzumira kuseri kwa chitsulo, n'kubweza dzanja lopanda kanthu.

"Enoki, pano si pansi."

"Mwati bwanji?"

"Taona."

Ndinasuzumira. Zoona, ndinali ndisanaganizepo. Kamsewu konseko kali m'malere, pamwamba pa zipilala za simenti. Kunsi kwake, kutali ndithu, kunali udzu, tchire, kamtsinje ka madzi akuda ndi kanjira ka anthu oyenda pansi.

"Malume, chitani msanga! Ndi pompano pamene anafera!"

"Ndisese chiyani? Simenti yolenjekeka? Munthu sakhala m'malere ngati mbalame. Masiku onsewa, phokoso limeneli, mphepo imeneyi, Laisoni sangakhale pano. Anatsika. Ali pansi apo."

Ndinafuna kukuwa. Maulendo atatu, moyo wathu pa ngozi, ndiye akuti si pano. Ndinatsegula pakamwa, koma lole ina inadutsa pafupi kwambiri moti jekete la a malume linauluka m'mwamba, ndipo ndinaona kuti miyendo yawo ikunjenjemera. Munthu wa zaka zimenezo, usiku wonse mu ndege, m'mimba muli mtedza wokha.

"Chabwino," ndinatero. "Koma tikatsika tikadziwa bwanji kuti ndi pati? Zipilalazi n'zofanana zonse."

Windo lakumbuyo linatsika. Alamu anali atamasula duku lawo, akundipatsa. Mkazi wamasiye savula duku pamaso pa apongozi, koma anavula. Ndinalimanga pa chitsulo mfundo ziwiri, mbali yaitali ikulendewera kunja.

Kutsika pansi pake kunali ulendo winanso. Kamsewuko kanatitayanso ku Redbridge. Tinalowa timisewu ta m'nyumba za anthu, nyumba zogundizana ziwiriziwiri, timaluwa pakhomo, magalimoto otsukidwa bwino. Kawiri tinathera pa mpanda. Ndinafunsa nkhalamba ina yachizungu imene inkayenda ndi galu kuti kunsi kwa mlatho amalowera kuti. Inatiyang'ana tonse atatu, inayang'ana alamu opanda duku, maso ofiira, ndipo sinafunse chifukwa. Inatilozera kageti kachitsulo kumapeto kwa msewu.

Tinasiya galimoto pomwepo n'kuyenda wapansi. Matope, zitini za mowa, ngolo ya m'shopu itagwera m'madzi. Pamwamba pathu misewu itatu kapena inayi inkapingasana, ina kukwera, ina kutsika, yonse ikulira ngati chigayo. Koma pansipo panali bata lachilendo. Zipilala zinali zolembedwalembedwa ndi penti. Tinkayenda makosi ali m'mwamba.

"Ilo," anatero alamu.

Duku linali laling'ono ngati khwangwala, likukupiza pamwamba penipeni. Kunsi kwake kunali udzu wautali ndi minga, pafupi ndi mtsinje.

A malume anavula nsapato. Anavula ndi masokosi omwe, m'kuzizira kumene kuja. Analowa m'udzumo, anagwada, anamasula mpango n'kutulutsa kanthambi. Anasesa pansi pang'onopang'ono, uku ndi uku, ngati mayi akusesa pamene pagone mwana.

"Laisoni," anatero. "Laisoni, mwana wa mlongo wanga. Ndine malume ako. Ndabwera. Wakhalitsa pano, kwazizira, anthu ake sukuwadziwa. Mayi ako akukudikira. Mkazi wako ali pano, mng'ono wako ali pano. Dzuka, tiye kwathu. Usatsale, usacheuke. Tiye."

Anabwereza katatu. Ine ndinali nditaima ngati chipilala china. Chimene chinandigwetsa ndi alamu. Anagwada m'matope ndi khoti lawo labwino lija, n'kuyamba kupemphera chapansipansi, osati motsutsa, koma ngati akuthandizira kunyamula. Pamenepo ndinalira, koyamba chimwalirire achimwene. Ndinalira mokuwa, ndipo misewu ya pamwamba inameza zonse.

Pobwerera ku galimoto a malume anatsogola, kanthambi atakagwira ndi manja awiri patsogolo. Atafika anaima.

"Tsegula kumbuyo. Akhala ndi mkazi wake."

Ndinatsegula. Anaika kanthambi pampando, pa mpango woyera, n'kutseka chitseko mofatsa.

"Tsono mvera, Enoki. Kuchokera pano mpaka kukafika, m'galimoto muno musamveke mkangano. Hutala ayi, kutukwana ayi. Munthu ameneyu wachoka ndi mantha. Akamva phokoso abwerera, ndipo sindidzathanso kumuitana. Chachiwiri, ayenera kuuzidwa njira. Pokhota paliponse, pamtsinje paliponse, kuti asasochere."

"Muziwauza, malume."

"Ine ndikuidziwa njira ya kuno? Mayina akewa lilime langa likana. Umuuza ndiwe."

Inali itatsala pang'ono kukwana faifi. Ndinaliza injini. Kuyankhula ndi mpando wopanda munthu, pamaso pa anthu, si chinthu chapafupi.

"Achimwene," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwana. "Tikunyamuka. Tikubwerera m'mbuyo pang'ono, kenako tikhotera kumanja."

"Kweza pang'ono," anatero a malume. "Koma mofatsa."

"Achimwene, iyi ndi raundabauti ya ku Woodford. Tili pansi pa msewu wanu uja. Musayang'ane m'mwamba. Tikulowa North Circular, tikupita ku Tottenham."

Inali nthawi yoweruka. Magalimoto anali bampala ku bampala. Ndinayatsa hita, thukuta likutsika m'khosi. Tisanafike ku Walthamstow, mnyamata wina wa galimoto yakuda yonyezimira anandilowerera mwachipongwe, mpaka ndinaponda buleki mwadzidzidzi. Alamu anagwira kanthambi kuti kasagwe. Mnyamatayo anatulutsa dzanja pa windo n'kundionetsa chala. Dzanja langa linali litafika kale pa hutala. Ndinalimva likutentha. Mawu anali atadzaza m'kamwa, okonzeka, oyenera ndithu. A malume sanandiyang'ane, ankangoyang'ana kutsogolo, mapazi ali m'nsapato zosamanga zingwe.

Ndinabweza dzanja pa chiwongolero.

"Achimwene, musadandaule. Ndi mwana chabe, akuthamangira kwawo. Ife tili bwino. Tikupitirira."

Patsogolo, chakumtunda kwa Edmonton, nyali zofiira zinali ndondondo mpaka kutali. Ndinadziwa kuti tikalowa m'menemo sitifika.

"Achimwene, tipitirira mpaka ku Edmonton, kenako..."

"Ayi." Anali alamu. Sankayankhula ndi ine. Anali ataweramira pa mpango uja. "Abambo a Tada, musamumvere uyu, sadziwa njira. Tituluka pompano, tidzera Billet Road, mmene tinkadzera popita ku tchalitchi. Mukukumbuka? Enoki, left."

Ndinakhota. Kuyambira pamenepo anatenga ndi iwo. Ankawauza zonse, modekha, ngati akuyankhula ndi wodwala wawo. Apa ndi pa sukulu paja munkati tidzamulembetse Tadala. Apa ndi pa shopu ya nyama ija munkakangana ndi mwiniwake za mchira wa ng'ombe. Tikukhota, gwirani. Pa Blackhorse Road maloboti anatigwira, ndipo palibe anadandaula. Titafika pa Ferry Lane, madamu a madzi mbali zonse, a malume anatukula chala.

"Madzi awo. Muuzeni."

"Tikuwoloka mtsinje, bambo," anatero alamu. "Musaope. Ndakugwirani."

Tinafika faifi itadutsa kale ndithu. Chitseko chachitsulo cha malowo chinali chitatsitsidwa theka, ndipo a Phiri anali ataima pansi pake penipeni, dzanja lili m'mwamba atachigwira, akukambirana ndi bambo wina wovala epuloni amene ankaloza wotchi. Atationa anangotikodola kuti fulumirani.

Ndinazimitsa injini. Alamu anayesa kutsegula chitseko, koma chinali chija chosatseguka ukakhala mkati. Ndinatsika, ndinazungulira, ndinatsegula. Alamu sanatsike. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana pampando. A malume anali ataima kumbuyo kwanga, akudikira.

Ndinawerama.

"Achimwene, tafika. Tsikani, akukudikirani."